Mmisiri anadya ndalama ya malemu bambo anga, ndisumire ndani ndipo ndiyambire pati?

NaBanda_Tiya

Moni nonse akuluakulu, pepani ndilemba zambiri koma mutu wanga sukugwira. Bambo anga asanamwalire anapangana ndi mmisiri wina wake kuti awafolerere nyumba, denga lonse kuyambira matabwa, malata mpaka misomali. Anamupatsa ndalama yonse kamodzi chifukwa munthuyo anati akagula zinthu pamodzi zimatsikako mtengo, nde bambo poti anali munthu wokhulupirira anthu anangopereka osaganiza kawiri. Mkuluyo anabwera nakhoma matabwa mbali imodzi, malata anabweretsa ochepa osakwana ndi theka lomwe, kenako zii. Bambo anadwala, anatisiya chaka chatha, nyumba ili chomwecho mpaka pano moti matabwa aja ayamba kupindika ndi mvula ndi dzuwa, ndikamadutsapo mtima umandiwawa.

Ndakhala ndikumuimbira, poyamba amayankha kuti mawa mayi mawa, pano akangoona nambala yanga amadula. Ndinapita ku polisi, anandimvetsera bwinobwino koma pamapeto akuti iyi si yathu, ndi ya civil, pitani ku khoti. Nde ine sindinapondeko ku khoti chibadwire. Civil yo ndi chani kwenikweni, ndiye kuti munthuyu samangidwa? Komanso wopangana naye anali bambo, osuma akhale ndani, ine, mayi kapena achimwene anga aakulu? China, risiti yomwe ndinaipeza mu chikwama cha bambo ili ndi dzina la kampani ndi chidindo, koma ndalama anapereka m'manja mwa munthuyo ndipo ma meseji onse mu foni ya bambo ndi a iyeyo. Ndisumire iyeyo kapena kampaniyo? Chonde amene mukudziwa ndithandizeni, ndalama ya loya pakadali pano ndilibe.

Jozi_Wa_Mkwiyo

Achemwali musanyengeke, bwererani ku polisi konko mukanene kuti munthuyo anatenga ndalama mwachinyengo. Akagona mu selo usiku umodzi mawa lake abale ake abweretsa ndalama yonse, anthu amenewa chilankhulo chomwe amamva ndi chimenecho basi. Za khoti mukalamba nazo.

Kalaliki_Wopuma

Mayi NaBanda pepani ndi maliro. Ine ndagwira ntchito zaka zambiri pa tebulo lolandirira madandaulo ku khoti, sindine loya ayi, koma mafayilo ngati anuwa adutsa ambiri m'manja mwangamu nde ndiyankhe zomwe ndikudziwa.

Choyamba za achimwene a Jozi. Sikuti akunama kwathunthu, ulipodi mlandu wotenga ndalama mwachinyengo, koma kuti ugwire pafunika kuonetsa kuti tsiku lomwe munthuyo amalandira ndalama anali ataganiza kale kuti ntchito sagwira. Nde wanuyu anabwera, anakhoma matabwa, anabweretsako malata, akangoonetsa zimenezo a polisi amasamba m'manja, nchifukwa chake anakubwezani. Ndipo olo atamangidwa mudziwe kuti pa mlandu waupandu mwini mlandu si inu, ndi boma. Inu mumangokhala mboni, amakuitanani, mumanena zomwe mukudziwa, mumakhala pansi. Cholinga chake ndi kulanga munthu, pena khoti limalamula kuti abweze koma si pamene pagona nkhani. Mlandu wa civil ndi wa anthu awiri kapena mbali ziwiri, wina akuti wandilakwira ndibwezere, ndipo mwini mlandu ndinu. Mumauyambitsa nokha, mumabweretsa umboni nokha, mukafuna kuusiya mumausiya. Pamapeto palibe ndende, pali chigamulo chakuti uyu alipire zakutizakuti kapena achite chakutichakuti kapena asiye kuchita chakuti, chomwe anthu amati chiletso chija. Ubwino wake sikelo yake ndi yopepukirako. Ku mlandu waupandu woweruza amafuna atsimikize popanda chikaiko chomveka, pomwe ku civil akangoona kuti nkhani yanu ndi yomwe ikuoneka yoona kuposa ya mnzanuyo, sikelo yapendekera kwa inu olo pang'ono, mwawina.

Tsopano pomwe pali nkhani yeniyeni kwa ine ndi funso lanu lachiwiri lija, ndipo mwachita bwino kulifunsa musanapite chifukwa anthu ambiri amalifunsa atabwezedwa kale. Khoti silifunsa kuti wakwiya kwambiri ndani kapena woyamba kubadwa ndani. Limafunsa kuti pangano linali la ndani ndi ndani. Apa linali la bambo ndi mmisiri. Bambo atamwalira, ufulu wawo wofuna ndalama ija sunafe nawo, unalowa mu chuma cha masiye chimodzimodzi nyumba, njinga kapena ndalama ya ku banki. Nde amene angasume ndi yemwe ali ndi mphamvu yoyendetsa chumacho. Ngati bambo anasiya wilo, ndi munthu amene anamutchula mmenemo kuti adzayendetse zinthu. Ngati sanasiye, banja limagwirizana munthu mmodzi kapena awiri, amakapempha makalata oyendetsera chuma cha masiye, ndipo akawapeza ndi pamene amasuma. Pa fomu simulemba kuti Tiya NaBanda basi ngati kuti ndalama inali yanu, mumalemba dzina lanu kenako mawu osonyeza kuti mukusuma ngati woyendetsa chuma cha malemu uje. Kachiganizo kamodzi kameneko ndaona kakugwetsa milandu yabwinobwino. Munthu wabwera ndi ma risiti onse, mboni zitatu, akulira ndithu, loya wa mbali inayo amangoimirira nkufunsa kuti bwana, mayiwa akusuma ngati ndani, pangano ili iwo alimo? Basi mlandu waima pomwepo, umboni sunamvedwe nkomwe.

Pokhapokha ngati mayi anu analipo pa panganolo ngati mwini wake naonso, mwachitsanzo dzina lawo lili pa risiti kapena ndalama inachokera ku akaunti ya onse awiri, apo nkhani ikhoza kusintha, iwo atha kusuma mwa iwo okha. Nde tayang'anani risitiyo, yalembedwa kuti ndalama yalandiridwa kuchokera kwa ndani.

Zomwezi zimachitikanso ndi mwana wamng'ono kapena munthu yemwe mutu sukuyenda bwino. Mwana akagundidwa ndi galimoto mlandu ndi wake, dzina lake ndi lomwe limakhala pamwamba, koma amasuma kudzera mwa munthu wamkulu womuimira. Kholo silisuma ngati kuti mwendo wothyoka ndi wake.

Za kampani ndisiyire ana a sukulu ya malamulo ali muno, ndabwera ndione kaye mwayankha chani za wilo.

Chiko_LLB2

Zikomo a Kalaliki, mwandiponyera mpira nde ndiusewere kkkk. Ndili chaka chachiwiri chabe nde musanditenge ngati loya aunt.

Yang'anani pa chidindo paja ngati kumapeto kwa dzinalo kuli mawu oti Limited kapena Ltd. Zikuoneka zazing'ono koma ndi pamene pagona zonse. Kampani yolembetsedwa mwa mtundu umenewo malamulo amaitenga ngati munthu payokha, ili ndi dzina lake, katundu wake, ngongole zake, imasuma ndipo imasumiridwa, ndipo mwini wake ndi munthu wina. Mfundo imeneyi mayiko ambiri otsatira malamulo ochokera ku England amaitenga pa mlandu wa Salomon. Aron Salomon anali wopanga nsapato ku London, anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani, ma sheya anali a iye, mkazi wake ndi ana ake asanu, koma pafupifupi onse anali ake. Kampani itagwa, omwe inali nawo ngongole anati aaa kampani yake iti, ndi Salomon yemweyo wangovala chipewa china, alipire ndi za m'thumba mwake. Makhoti awiri oyamba anawavomereza, koma House of Lords, lomwe linali khoti lalikulu kwambiri ku Britain nthawi imeneyo, chakumapeto kwa 1896 inati ayi, kampani inalembetsedwa motsata malamulo nde ndi munthu wina, ngongole zake si za Salomon. Mpaka lero zikuyenda choncho. Nde ngati pali Limited ndipo pangano linali ndi kampaniyo, mukasumira mkuluyo ndi dzina lake adzangonena kuti ine ndinali wantchito chabe, ndalama ndinalandirira kampani.

Koma ngati palibe Limited, nthawi zambiri limakhala dzina la bizinesi chabe, munthu wangodzipatsa dzina lokoma nkukadinditsa chidindo. Apo dzinalo si munthu, silingasumiridwe palokha, mumasumira mwini wakeyo ndi dzina lake lenileni nkuwonjezera kuti amachita malonda ndi dzina lakutilakuti. Kwa inu izi ndi zabwino kuposa, chifukwa mukawina katundu wake yense wa iye mwini atha kugwidwa, osati wa bizinesi yekha.

Kuti mutsimikize osangodalira chidindo, pitani ku ofesi yolembetsa makampani mukafufuze dzinalo. Anthu ena amalemba Ltd pa risiti chonsecho sanalembetse kalikonse. Ndipo ngati zili zosokonekera, malamulo amalola kusumira anthu awiri pa mlandu umodzi, woyamba kampani wachiwiri iyeyo, khoti lidzaona wolakwa. Kungoti samalani, yemwe mwamukokera ku khoti popanda chifukwa akapezeka alibe mlandu mutha kuuzidwa kuti mumubwezere zomwe wawononga.

Pa zomwe anena a Kalaliki zoti ufulu sufa ndi munthu, kale ku England milandu yambiri yolakwirana imafa mwini wake akafa, anakonza ndi lamulo la 1934 kuti izipitirira, kupatulapo milandu yochepa monga mlandu woipitsa mbiri ya munthu, umenewo umapita naye kumanda. Ndipo zimagwira mbali zonse, wosumiridwa akamwalira mlandu umapita kwa oyendetsa chuma chake. Mlandu wotchuka uja wa Donoghue, mayi wa ku Scotland yemwe ananena kuti anapeza nkhono yowola mu botolo la chakumwa ku Paisley mu 1928, unatha choncho. Chakumwacho anamugulira mnzake nde iye analibe pangano ndi wogulitsa, anasumira wopanga chakumwacho David Stevenson, House of Lords mu 1932 inati ali ndi ufulu wosuma olo panalibe pangano, koma Stevenson anamwalira chaka chomwecho nkhani ya nkhonoyo isanazengedwe, mapeto ake anagwirizana kunja kwa khoti ndi oyendetsa chuma chake. Ndapatuka pang'ono pepani, mayeso ali pafupi nde zili m'mutu.

Bambo_a_Mphatso

Zomwe akunena mnyamatayu ine zinandichitikira ndendende nde mverani. Lole ya kampani ina yake inagunda mpanda wanga usiku, dalaivala anatsika napepesa, anandipatsa nambala, ine mwaukali ndinakasumira dalaivalayo ndi dzina lake poti ndi amene ndinamuona ndi maso anga. Ndinawina bwinobwino, sanakane nkomwe. Koma munthu wake anali woti malipiro ake olo atandipatsa onse miyezi ingapo sakanakwana njerwa zokha, ndipo pofika nthawi ya chigamulo anali atachotsedwa kale ntchito. Pambuyo pake ndi pamene munthu wina anandiuza kuti bwanji simunaphatikize kampaniyo, wantchito akalakwitsa ali pa ntchito bwana wake naye amayankha, komanso lole ija inali ndi inshuwalansi. Ine pepala la chigamulo ndili nalo mpaka lero mu envelopu ya khaki, mpanda ndinamanganso ndi ndalama yanga. Nde mayi musathamangire kulemba dzina lomwe lili pa mtima panu, khalani pansi muone kuti mwa anthu omwe malamulo akulolani kuwasumira, amene angathe kulipira ndi uti.

NaBanda_Tiya

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri kuposa mmene ndimaganizira. A Kalaliki, wilo bambo sanasiye. Makalata aja achimwene anga aakulu anayamba kuyendetsa chifukwa cha ndalama ya ku banki, akuti atuluka posachedwa ndipo alembapo mayina awiri, lawo ndi la mayi. Nde ngati ndamva bwino ine ndilibe mbali, osuma ndi iwowo eti? Zandiwawa pang'ono poti amene ndakhala ndikuthamanga ndine koma chabwino. Risiti yalembedwa dzina la bambo lokha. A Chiko, ndayang'ana ndi tochi yomwe, palibe Limited, pangolembedwa dzina lake loyamba kenako mawu oti ndi omanga nyumba.

Koma pali china chatsopano. Dzulo ndinamuimbira pa nambala ya mnzanga nde anayankha. Akuti iye ndalama ya malata anakapereka yonse ku shopu ya zipangizo, eni shopu ndi amene sanabweretse katundu, nde ndikafuna ndikalimbane ndi shopuyo. Kenako akuti komanso bambo anu anatsala ndi ngongole yanga ya ntchito ina ya pa khonde, mukandisumira nane ndikusumirani. Nde pano ndachita mantha, zimatheka zimenezo?

Kalaliki_Wopuma

Mwamva bwino mayi, pa pepala padzakhala mayina a achimwene anu ndi mayi anu, onse awiri poti makalata akutchula onse. Koma inu simunatayidwe, ndinu mboni yofunika, ndinu amene mwakhala mukulankhula naye ndipo foni ya bambo ili ndi inu. Mapepala onse mutha kuwakonzera ndinu, iwo nkungosaina. Foni imeneyo muisunge ngati dzira, musafufute kanthu, ma meseji muwajambule ndi kuwasindikiza pa pepala tsiku ndi nambala zikuoneka, ndipo dengalo mulijambule mmene lililimu musanakhudze chilichonse. Mupezenso mmisiri wina adzayese ntchito yomwe yagwiridwa ndi yomwe yatsala alembe pa pepala, chifukwa khoti lidzafuna nambala, silidzalandira zoti anadya ndalama yambiri.

Zomwe wakuopsezanizo zonse ziwiri zili ndi njira yake m'malamulo ndipo palibe choopsa. Za shopu, inu shopu simukuidziwa, bambo sanapangane nayo. Amene anapangana nayo ndi iyeyo. Ngati akunena zoona, iye ndi amene apemphe khoti kuti shopuyo ilowetsedwe mu mlandu ngati mbali yachitatu, kuti iye akapezeka wolakwa kwa inu shopu imubwezere iyeyo. Ndi katundu wake ameneyo, asakusenzetseni. Ndipo ngati anaperekadi ndalama ali ndi risiti ya shopuyo, aitulutse. Ambiri mukawafunsa risiti imeneyo nkhani ya shopu imathera pomwepo.

Za ngongole ya khonde, eya wosumiridwa amaloledwa poyankha kuika dandaulo lake lobwezera mu fayilo yomweyo, nde woweruza amamva zonse pamodzi nkuchotsera. Koma pa dandaulo limenelo iye ndi amene amasanduka wodandaula, umboni abweretse ndi iye, kuti ntchito ya khondeyo inalipodi, anagwirizana zingati, ndipo sanalipidwe. Munthu yemwe analandira ndalama yonse ya denga kamodzi nkukhala chete osatchula za khonde mpaka mwini wake atamwalira, woweruza naye ndi munthu, amaona. Komabe funsani mayi anu ngati akudziwapo kanthu, kuli bwino mudziwiretu kunyumba kusiyana ndi kukadzidzimukira m'khoti.

Tsopano poyambira. Musanapite ku khoti lembani kalata yomuuza kuti abweze ndalama yakutiyakuti pofika tsiku lakuti, apo ayi mukasuma. Ikhale yaifupi, yopanda matukwana, asaine oyendetsa chuma aja, inu musunge kope. Makhoti ambiri amafuna kuona kuti munayesa kaye, ndipo anthu ena kalata yokhayo imawagwedeza. Tsiku likadutsa mupite ku ofesi ya khoti komwe amalandira milandu. Khoti lake liti zimatengera zinthu ziwiri, kuchuluka kwa ndalama poti makhoti ang'onoang'ono ali ndi malire a ndalama yomwe angaweruze, komanso dera, kawirikawiri komwe wosumiridwa amakhala kapena komwe nkhani inachitikira. Mukafunsa pa tebulo adzakuuzani, ndipo mufunsenso ngati pali njira ya madandaulo ang'onoang'ono yomwe munthu amadziyankhulira yekha popanda loya.

Adzakupatsani fomu kapena adzakuuzani kalembedwe kake. Pamwamba mayina a mbali zonse ndi komwe amakhala, kenako nkhani yanu m'ndime zazifupi zokhala ndi manambala, tsiku lakuti anapangana zakuti, analipira zakuti, anachita zakuti, sanachite zakuti, pomaliza chomwe mukupempha khoti. Musalembemo mbiri ya matenda a bambo ndi mmene mwavutikira, ndikudziwa ndi zowawa koma pamenepo si malo ake. Ndipo chomwe simunapemphe khoti silikupatsani, nde ngati mukufuna ndi mtengo wa matabwa owonongeka aja, chiwongoladzanja ndi ndalama zomwe mwawononga pa mlandu, zilembeni. Mukalipira ndalama yotsegulira fayilo amadinda chidindo, amapereka nambala ya mlandu, chisamani chatuluka. Mlandu wayamba tsiku limenelo.

Koma chisamani chikhale mu fayilo sichigwira ntchito, chiyenera kufika kwa mwini wake motsata malamulo, ndipo apa ndi pamene milandu yambiri imagona tulo. Wopereka, kaya ndi mesenjala wa khoti kaya munthu wina wololedwa, amalemba pepala lolumbira kuti ndinamupatsa uje tsiku lakuti malo akuti. Akakana kulandira si vuto lanu, wopereka amalemba kuti anakana. Akamathawathawa mumabwerera ku khoti kukapempha chilolezo chomupatsira njira ina. Nde kuyambira pano dziwani komwe amagona ndi komwe akugwira ntchito masiku ano, osangodalira nambala ya foni.

Akalandira amakhala ndi masiku owerengeka oti ayankhe, alembedwa pa chisamani pomwepo. Akavomera, nkhani yatsala ya kalipiridwe. Akakana amalemba yankho lake ndipo mlandu umapita kutsogolo, malo ambiri amayamba akutumizani kwa mkhalapakati kuti muyese kugwirizana musanafike kwa woweruza. Akangokhala chete masiku nkutha, mumapempha chigamulo chifukwa sanayankhe, mumawina osayankhula nkomwe. Koma chimenecho sichibwera chokha, muyenera kukachipempha, ndaona anthu akudikira chaka kunyumba kuti khoti liwaitana.

Jozi_Wa_Mkwiyo

Zonsezi ndi zabwino a Kalaliki koma mwaona nkhani ya Bambo a Mphatso, pepala lili mu envelopu ndalama palibe. Olo ku America komwe, O.J. Simpson, katswiri wa zamasewera yemwe anazengedwa mlandu wopha anthu awiri, khoti la milandu yaupandu linamumasula mu 1995, mabanja a anthu ophedwa aja anamusumira ku civil nawina mu 1997, madola 33.5 miliyoni, koma zomwe analandira ndi kachigawo kochepa kwambiri mpaka munthuyo anamwalira. Nde ngati zinakanika kwa munthu wotchuka choncho kuli bwanji mmisiri wongoyenda ndi hamala ndi sowo. Ine maganizo anga sanasinthe.

Kalaliki_Wopuma

Achimwene a Jozi chitsanzo chanucho chikuthandiza ine kuposa inu, taonani kuti komwe boma linalephera mabanja anawina, chifukwa cha sikelo ija ndinanena. Koma pa zoti chigamulo si ndalama mukunena zoona ndipo sindingakutsutseni. Khoti silitulutsa ndalama m'thumba mwake. Munthu akapanda kulipira mumabwereranso kukapempha kuti ma sherifu akagwire katundu wake agulitse, kapena khoti lilamule banki yake kapena amene ali ndi ndalama yake kuti apereke kwa inu, kapena aitanidwe adzafotokoze zomwe ali nazo nkumuikira kuti azilipira pang'onopang'ono. Zonsezo zimafunanso ndalama ndi nthawi. Nde mayi NaBanda musanatsegule fayilo mudzifunse ngati munthuyu ali ndi kanthu, galimoto, malo, makontirakiti omwe akugwira. Ngati akugwirabe ntchito za anthu ena ndiye kuti ndalama ikumadutsa m'manja mwake, ameneyo ndi wotheka. Ngati alibe olo njinga, mwina kuli bwino mugwirizane kuti adzamalize ntchito ndi manja ake inu mutagula malata otsalawo, mulembe pa pepala asaine pamaso pa mboni.

Chiko_LLB2

Kuwonjezera pang'ono, aunt musaiwale za nthawi. Mlandu wa civil uli ndi malire a zaka, zikadutsa olo mukhale ndi umboni wonse wosumiridwa amangonena kuti nthawi inatha basi. Dziko lililonse lili ndi lamulo lake, mwachitsanzo ku England lamulo la 1980 limapereka zaka 6 pa nkhani za pangano ndi zaka 3 pa kuvulala, ndipo mayiko ambiri omwe anatengera malamulo awo kumeneko manambala ake amayandikira pamenepo, koma funsani a kwanuko kuti mutsimikize. Chofunika kudziwa nchakuti kuwerenga kumayamba tsiku lomwe pangano linaswedwa, osati tsiku lomwe bambo anamwalira kapena lomwe makalata atuluke. Masiku oyankhira chisamani nawo amasiyana, ku England ndi 14, makhoti a boma lalikulu (federal) ku America ndi 21, nde muwerenge zomwe zalembedwa pa chanu.

Komanso za ndalama ya mlandu, kumayiko otsatira njira ya England woluza nthawi zambiri amabwezera wowina gawo la zomwe wawononga, pomwe ku America kawirikawiri aliyense amalipira loya wake. Nchifukwa chake ndimanena zija zoti osangophatikiza anthu pa chisamani mwachisawawa. Koma poti kwa inu palibe Limited, zikuoneka kuti ndi munthu mmodzi yemweyo, mungofuna dzina lake lonse lenileni, osati lomwe amamutchula pa ntchito.

NaBanda_Tiya

Dzina lake lonse ndilibe, tonse timangomutchula dzina la pa chidindo lija, koma ndakumbuka kuti kachigawo kena kochepa ka mayendedwe bambo anamutumizira pa foni nde meseji yotsimikiza ija imaonetsa mayina onse awiri, ndikaifufuza usiku uno foni ikadzaza moto. Za khonde ndawafunsa mayi, akuti khonde anamanga ndi munthu wina zaka zambiri mkuluyu tisanamudziwe, ndipo munthuyo alipo, atha kudzanena. Galimoto ali nayo, ka pikapu koyera, ndinakaona sabata yatha katanyamula matabwa a munthu wina. A Kalaliki, kalata ija ndingayambe kuilemba panopa kuti makalata a achimwene akangotuluka asaine, kapena ndidikire kaye atuluke?

Kalaliki_Wopuma

Ilembeni panopa, tsiku lokha musiye malo. Ndipo nambala ya pikapuyo muilembe penapake.